Batire la njinga yamoto likamangotha moto mukabwera kokayenda: yezani kaye musanagule lina

Njinga yayenda tsiku lonse pakati pa Nchalo ndi Ngabu, koma m'mawa mukadina sitata imangoti tche-tche, hutala ikulira mosasa mawu, mpaka mukike kapena anzanu akukankheni. Ambiri zikatere amathamangira kukagula batire latsopano. Limagwira masabata angapo, kenako nalo limayamba khalidwe lomwelo, ndalama zapita. Chimene chimaiwalika n'chakuti batire silipanga moto, limangosunga umene injini yapanga. Lili ngati mtsuko wa madzi: ukapezeka wouma, mwina ndi wobooka, mwina wotunga sakuthiramo okwanira, mwinanso alipo amene akumwa usiku. Pa zitatuzi, kugula batire lina kumathetsa choyamba chokha.

Manambala ali m'munsimu ndi a njinga za mavolti 12 zomwe zadzaza m'masiteji a kabaza ku Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Nsanje, za injini ya 100cc mpaka 200cc, zokhala ndi batire la 5Ah mpaka 9Ah (Ah ndi muyeso wa kuchuluka kwa moto umene batire limasunga). Zida zake si zambiri: mita yoyezera magetsi yoonetsa manambala, sipanala ya 8 ndi ya 10, sikuludiraiva, sandipepa, soda wophikira, girizi kapena Vaseline, ndi tepi yomatira mawaya. Mita yotsika mtengo imakwanira, bola kabatire kake ka mkati kakhale ndi moto, chifukwa kakafooka mita imanama.

Yambani ndi mitu ya batire

Musanakhudze mita, tsegulani chivundikiro n'kugwedeza mawaya awiri a pa batire ndi dzanja. Waya wosuntha ngakhale pang'ono walephera kale. Mabampu a misewu ya kumidzi, ya ku Chapananga kapena ya tsidya lija la Shire, amamasula timabawuti timeneti, ndipo waya wogwedera amalola moto wa malaiti kudutsa koma amakana moto waukulu wa sitata, komanso amachepetsa moto wotchaja. Ufa woyera kapena wobiriwira pa mitu nawo umatchinga chimodzimodzi. Masulani waya wa negetivi poyamba, kenako wa pozitivi. Mukayamba ndi pozitivi sipanala n'kukhudza chitsulo cha njinga, mupanga shoti. Sungunulani supuni imodzi ya soda m'kapu ya madzi, tsukani mitu ndi kaburashi, osalola madziwo kulowa m'mabowo a batire chifukwa soda amapha asidi. Pukutani, palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mangani pozitivi, malizani ndi negetivi, kenako pakani girizi pang'ono pamwamba. Girizi apite pamwamba mutamanga kale, asalowe pakati pa waya ndi mutu.

Tsatirani waya wa negetivi mpaka pamene wamangidwa ku felemu kapena ku injini. Ethi imeneyi imaiwalika kwambiri, ndipo pa njinga zimene zinaloweredwa madzi osefukira, monga a namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, pansi pa bawuti pamakhala dzimbiri losaoneka kunja. Masulani, palani mbali zonse, mangani. Onaninso fyuzi ya pa waya wofiira pafupi ndi batire, yomwe nthawi zambiri imakhala ya 10A kapena 15A (A ndi amp, muyeso wa kukula kwa moto woyenda m'waya). Pa njinga zambiri moto wotchaja umadutsa m'fyuzi yomweyi popita ku batire, ndiye ikapsa kapena tizitsulo toigwira tikachita dzimbiri, njinga imalira bwinobwino ndi kiki koma batire sililandira kanthu. Fyuzi yopsa ibwezeredwe ya nambala yomweyo. Kukulunga pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya kapena kumangapo kawaya ndi njira yootchera mawaya onse tsiku limene shoti yeniyeni idzabwere.

Muyeso wa madzulo ndi wa m'mawa

Ikani mita pa mavolti a DC, pa 20. Waya wofiira wa mita ukhudze pozitivi, wakuda ukhudze negetivi. Osayeza mutangozimitsa injini, chifukwa batire longotchajidwa kumene limaonetsa nambala yokwera yomwe si yake. Lisiyeni ola limodzi, kapena yatsani laiti yoyendera batire kwa mphindi imodzi, zimitsani, dikirani pang'ono.

Batire lodzaza limaonetsa mavolti 12.6 mpaka 12.8, ndipo losatseguka, lija salithira madzi, limatha kufika 13.0. Pa 12.4 latsala ndi magawo atatu mwa anayi, pa 12.2 lili pa theka, pa 12.0 latsala pang'ono kutheratu. Anthu amadabwa kumva kuti batire la mavolti 12 loonetsa 12.0 lagwa, koma ndi momwemo. Likamakakamira pa 10.5 ngakhale mutalitchaja, chipinda chimodzi mwa zisanu ndi chimodzi za mkati mwake chafa, popeza chilichonse chimapereka pafupifupi mavolti 2.1. Limenelo palibe mankhwala ake.

Lembani nambala ya madzulo, mutabwera ulendo wautali, ndipo yezaninso m'mawa musanalize njinga. Manambala awiriwa amakuuzani kolowera. Ngati madzulo lili kale pa 12.2 kapena pansi pake pomwe njinga yayenda maola, vuto ndi la poyenda: njinga sikutchaja mokwanira kapena zida zomwe zayaka zikudya kuposa moto umene ukulowa. Ngati madzulo lili pa 12.6 koma m'mawa latsika kufika 12.1, moto ukutha njinga itaima. Apa bwerezani usiku wotsatira, koma mutamasula waya wa negetivi. Likatsikabe palibe cholumikizidwa, batire likudzidya lokha ndipo ndi lakufa. Likasunga nambala yake, wakuba ali m'mawaya a njinga.

Palinso batire lonama, loonetsa 12.6 koma lopanda mphamvu. Siyani mita pa batire, dinani sitata mukuyang'ana manambala. Batire labwino limatsika kufika chapa 10 kapena 11 n'kubwerera msanga. Likagwa pansi pa 9.6 lili lotchajidwa bwino, mitu ili yoyera, mbale zake za mkati zatha. Koma muyeso umenewu ndi wachilungamo pokhapokha mutayamba mwalitchaja ndi tchaja. Batire lopanda moto limalephera mayeso onse, ndipo limachititsanso kuti miyeso ya njinga isokonekere.

Potchaja, moto ukhale gawo limodzi mwa magawo khumi a Ah ya batire: la 5Ah lilandire 0.5A, la 7Ah lilandire 0.7A, kwa maola 8 mpaka 12. Malo ambiri otchajira amalumikiza batire la njinga ku tchaja ya mabatire a galimoto, ya 10A kapena kuposa, kuti kasitomala atenge pakatha ola. Limatentha, madzi amawira, mbale zimapindika. Uzani wotchajayo aike pa moto wotsikitsitsa, ndipo likatentha moti dzanja silingakhalepo, lichotsedwe. Kulumikiza molunjika ku panelo ya sola popanda kontirola n'koopsa momwemonso, chifukwa panelo yolembedwa 12V imatulutsa mavolti 18 kapena kuposa dzuwa likaswa mtengo. Batire lotseguka limasulidwe zitsekero potchaja, pamalo podutsa mphepo, kutali ndi mbaula ndi fodya, pakuti mpweya umene limatulutsa umaphulika.

Kodi njinga ikutchaja?

Apa ndi pamene pamapezeka mavuto ambiri a batire lotha mukabwera kokayenda. Bwezerani batire lotchajidwa, lizani injini, itenthe mphindi zingapo, mita ili pa mitu ya batire. Injini ikulira payokha, nambala ikhoza kukhala 12.6 mpaka 13.5, ndipo pa njinga zing'onozing'ono zimenezo si zodetsa nkhawa. Kwezani moto wa injini kufika pa maulendo 4,000 kapena 5,000 ozungulira pa mphindi (rpm), kapena ngati njinga ilibe geji yake, kufika kaliridwe ka pa liwiro la pamsewu wa tala. Nambala iyenera kukwera n'kukhazikika pakati pa 13.5 ndi 14.5.

Ikangokhala pa 12.5 osasuntha, kapena ikamatsika, palibe chikulowa. Ikakwera pang'ono n'kuthera pa 13.0, moto ukulowa koma woperewera. Ikadumpha 15, rekitifaya, yomwe ndi kabokosi kolandira moto wa injini n'kuukonza kuti ukatchaje batire, yasiya kuletsa moto ndipo ikuphika batire: zizindikiro zake ndi mababu opsa pafupipafupi, madzi a batire otha msanga, fungo la mazira owola, ndi batire lotupa m'mbali. Kutchaja kopitirira kumapha batire msanga kuposa kutchaja koperewera, ndipo mwini njinga amangoona ngati batire silisunga moto.

Laiti yakutsogolo isakupusitseni. Pa njinga zambiri zotsika mtengo laitiyo imatenga moto molunjika ku koyilo ya magineto, imene imapanga magetsi m'injini, n'chifukwa chake imayaka injini ikalira basi, n'kumawala kwambiri mukakweza moto. Ikhoza kuwala bwino pomwe mbali yotchaja batire inafa kalekale. Sipaki nayo pa njinga zotere sidalira batire, ndiye kulira kwa njinga pa kiki sikutsimikiza chilichonse. Komanso musayese kutchaja pomasula waya wa batire injini ikulira, monga amachitira ena pofuna kuona ngati izime. Moto umadumpha mwadzidzidzi n'kuwononga rekitifaya, CDI (kabokosi kolamulira sipaki) ndi mababu.

Nambala ikakhala yotsika, musayambe ndi kugula rekitifaya. Pezani kaye pulagi yake (cholumikizira mawaya chapulasitiki) ndi pulagi ya mawaya ochokera ku koyilo, kumanzere kwa injini. Zulani, yang'anani mkati. Pulasitiki yosungunuka, tizitsulo takuda kapena tobiriwira, ndi matope ouma ndi zofala kwambiri kuno, pamene njinga zimawoloka timitsinje ndi madambo nyengo ya mvula, kenako n'kuyenda m'fumbi miyezi isanu ndi umodzi. Pulagi yadzimbiri imatentha, ikatentha imamasuka, ikamasuka imatenthanso kwambiri. Tsukani, finyani tizitsulo kuti tigwire molimba. Ngati yapseratu, dulani n'kulumikiza mawaya ndi mtovu wowotcherera, osangopota ndi zala.

Kenako yezani moto pa waya wotuluka mu rekitifaya kupita ku batire, pulagi ili yolumikiza, injini ili pa moto womwe uja. Ngati pa rekitifaya pali 14.2 koma pa batire pakufika 13.0, rekitifaya ilibe mlandu, moto ukutayika m'njira: pa fyuzi, pa malumikizidwe, kapena pa ethi. Kusiyana kwa malo awiriwa kusapitirire 0.3.

Za mitundu ya mawaya: njinga zambiri za ku China zimatsatira kachitidwe ka Honda, pomwe wobiriwira ndi ethi, wofiira ndi wa batire, wakuda ndi moto wodutsa pa kiyi, ndipo achikasu, oyera kapena apinki ndi ochokera ku koyilo. Yamaha amagwiritsa wakuda ngati ethi. Njinga yomwe yadutsa m'manja mwa amakanika angapo ikhoza kukhala ndi mitundu ina iliyonse, choncho tsatirani waya ndi dzanja kufika komwe wachokera.

Koyilo ya magineto imayezedwa pawiri. Poyamba injini ili yozima, pulagi yozula, mita pa ohm yotsikitsitsa (poyezera ngati waya ali ndi njira yodutsa moto). Gundanitsani kaye mawaya a mita kuti muone nambala yawo, nthawi zambiri 0.2 kapena 0.3, yomwe muzichotsera. Koyilo ya mawaya atatu ofanana mtundu iyezedwe awiriawiri, maulendo atatu, ndipo manambala onse akhale ofanana, pansi pa ohm imodzi kapena chapompo. Pena pakaonetsa kuti palibe njira, waya waduka mkati. Kenako waya aliyense ayezedwe ndi chitsulo cha injini. Pa koyilo ya mawaya atatu, ndi pa ya mawaya awiri yosalumikizidwa ku ethi, mita isaonetse njira iliyonse. Ikaonetsa, koyilo yapsa n'kukhudza chitsulo. Chenjerani apa: pa njinga zija laiti imayaka ndi injini, koyilo imakhala yolumikizidwa ku ethi mwadala, ndiye njira ikaoneka n'zoyenera. Makoyilo abwinobwino ambiri amatayidwa chifukwa chosadziwa kusiyana kumeneku.

Muyeso wachiwiri ndi wa injini ikulira. Tembenuzirani mita pa mavolti a AC, pa 200, pulagi ikhalebe yozula, yezani mawaya omwe aja, kapena waya ndi ethi ngati koyilo ndi yolumikizidwa ku ethi. Injini ikulira payokha pazioneka mavolti chapa 15 mpaka 25, ndipo mukakweza moto nambala izikwera bwinobwino kupitirira 40 kapena 50. Manambala enieni amasiyana malinga ndi njinga. Chofunika n'chakuti akwere limodzi ndi injini, ndipo pa mawaya atatu akhale ofanana. Osagwira tizitsulo ndi zala, moto umenewu umaluma. Nambala ikakhala yotsika kapena mbali imodzi ikaperewera, tsegulani chivundikiro cha magineto. Koyilo yopsa imaoneka yakuda pa mano ena ndipo imanunkha. Pa injini zomwe koyilo imakhala mu oyilo, oyilo wochepa kapena wokhalitsa amathandizira kupsa kwake, pakuti ndiye amaiziziritsa.

Pali koyilo ina yomwe imakhoza mayeso injini ikazizira, n'kulephera ikatentha. Ngati njinga ikutchaja bwino m'mawa koma batire likupezekabe lotsika madzulo, bwerezani miyeso yonseyi masana mutangoima, injini ili moto. Ku chigwa kuno vuto lotere si lachilendo, ndipo rekitifaya nayo imachita zomwezo.

Koyilo ikakhala bwino, mawaya ali bwino, koma pa batire sipakufika 13.5, yatsala rekitifaya. Pogula tengani yakaleyo, ndipo werengani mawaya a koyilo yanu. Marekitifaya a mano anayi alipo a mitundu iwiri yooneka mofanana, pulagi n'kulowa bwinobwino, koma mkati ndi osiyana: ina ndi ya koyilo yolumikizidwa ku ethi, ina ndi ya yosalumikizidwa. Mukaika yolakwika siitchaja, kapena imapsa masiku ochepa. Ina imakhala ndi waya wakuda wowonjezera womwe imamvera kuchuluka kwa moto wodutsa pa kiyi. Waya ameneyu akamasuka kapena swichi ya kiyi ikachita dzimbiri, rekitifaya imaona ngati batire lili ndi njala n'kumalithira moto mopitirira, ndipo mukaisintha osakonza wayayo, yatsopano ichita zomwezo. Imangidwe molimba pa chitsulo choyera, pamalo pomwe mphepo ikuomba. Zipsepse zake ndi zotayira kutentha, ndiye kuikulunga m'pulasitiki poopa madzi kapena kuibisa pansi pa mpando ndi nsanza n'kuifupikitsira moyo.

Njinga ikutchaja, koma katundu wachuluka

Ngati pa 5,000 mwapeza 14.0, yatsani zonse zimene mumayenda nazo: laiti yaikulu, malaiti owonjezera, wailesi, foni ili pa tchaja, n'kuponda buleki. Yezaninso, ndipo nthawi ino pa moto wa injini umene mumayendera masiku onse. Ikagwa pansi pa 13.0, batire ndi limene likulipira kusiyanako ulendo wonse.

Masamu ake ndi osavuta: mawati kugawa ndi 12 kumapereka ma amp. Malaiti awiri owonjezera a mawati 18 iliyonse ndi mawati 36, omwe ndi 3A. Tchaja ya foni yamphamvu imatenga pafupifupi 1A. Onjezanipo sipika yokhala ndi ampulifaya. Koyilo ya njinga yaing'ono inapangidwira malaiti ake obadwa nawo, hutala, maindiketa ndi kotsala pang'ono ka batire. Mukaisenzetsa 4A kapena 5A pamwamba, batire la 7Ah likhoza kutsika theka m'maola awiri kapena atatu a usiku, njinga ikuyenda. Njira zake ndi kuchotsa zina, kuika malaiti a mawati ochepa, kapena kuwayatsa pokhapokha pamene akufunikadi. Batire lalikulu silithetsa vutoli, limangochedwetsa.

Onaninso laiti ya buleki. Babu lake ndi la mawati 21, pafupifupi 1.75A, ndipo linapangidwa kuti liziyaka kwa masekondi. Kasipuling'i ka swichi ya buleki ya phazi kakakokedwa kwambiri, kapena swichi ikadzaza matope, babu limayaka ulendo wonse woyendetsa osadziwa, popeza lili kumbuyo. Zimachitika kawirikawiri mukangosintha tcheni kapena kukoka buleki. Tsegulani kiyi, pitani kumbuyo mukaone. Swichiyo ili ndi nati yapulasitiki yosinthira. Ena amayenda phazi litatsamira pa chopondera buleki, zotsatira zake n'zomwezo.

Kayendedwe ka kabaza nako kali ndi mbali yake. Maulendo a pa tawuni ndi afupiafupi: kuchoka pa siteji kupita kumsika, kuchipatala, kubwerera. Sitata imakoka ma amp makumi angapo nthawi iliyonse, ndipo mphindi zitatu zoyenda pang'onopang'ono sizibweza bwino motowo, makamaka njinga ikakhala yovuta kulira moti mumadina kangapo. Kuima pa siteji kiyi ali wotsegula, nyimbo zikulira, mafoni a anzanu akutchajidwa, kumamaliza zotsalazo. M'mawa lizani ndi kiki, sitata muisungire pomwe mwanyamula munthu. Pulagi ya sipaki yabwino ndi kabuleta yoyera zimathandiza batire kuposa momwe ambiri amaganizira, chifukwa njinga imalira mukangodina kamodzi.

Moto wothawa njinga itaima

Zimitsani kiyi, chotsani. Masulani waya wa negetivi pa batire. Sunthani waya wofiira wa mita kupita pa bowo la 10A, mita pa DC amp. Waya umodzi wa mita ukhudze mutu wa negetivi wa batire, winawo ukhudze waya mwamasula uja, kuti moto wonse udutse mu mita. Ikaonetsa nambala yaing'ono kwambiri, sinthirani ku bowo la mA (1,000mA ndi 1A). Mita ili chonchi musadine sitata, musatsegule kiyi, ndipo musaigunditse ku mitu yonse iwiri ya batire, ipsa pomwepo. Mukamaliza bwezerani waya wofiira pa bowo la mavolti musanaiwale.

Njinga ya kabuleta yopanda alamu iyenera kuonetsa ziro kapena pansi pa 1mA. Alamu kapena kachipangizo kolondolera njinga ikabedwa kamatenga ma mA angapo, ndipo zimenezo n'zovomerezeka ngati njinga ikuyenda tsiku ndi tsiku. Moto wa 30mA umatha 0.72Ah pa tsiku, kutanthauza theka la batire la 7Ah pa masiku asanu. Kuti batire labwino ligwe usiku umodzi pamafunika chinthu chokoka 300mA kapena kuposa, ndiye musafulumire kuloza chala alamu. Ngati kamoto kochepa kakugwetsa batire pofika m'mawa, batirelo linali lofooka kale kapena silikudzaza masana.

Kupeza wakubayo ndi ntchito yozula chimodzichimodzi mukuyang'ana mita. Yambani ndi zoikidwa pambuyo pogula njinga, makamaka zolumikizidwa molunjika ku batire: tchaja ya USB, yomwe imadya moto ngakhale palibe foni, wailesi, alamu, timalaiti tokongoletsa. Kenako zulani pulagi ya rekitifaya. Nambala ikagwa pamenepo, dayodi ya mkati mwake, yomwe imalola moto kudutsa mbali imodzi yokha, yaboola ndipo ikubweza moto wa batire ku koyilo usiku wonse. Rekitifaya yotere nthawi zina imatchajabe masana, n'chifukwa chake imavuta kuigwira, ndipo ikhoza kumveka yofunda m'mawa njinga isanalire. Kenako swichi ya kiyi, yomwe ikaloweredwa madzi ndi fumbi imadutsitsa moto pang'ono ili yotseka. Njinga zina zili ndi malo a P pa kiyi, kupitirira loko, omwe amasiya laiti yakumbuyo ikuyaka, ndipo masana simungaone. Pomaliza tembenuzani chiwongolero uku ndi uku, gwedezani mtolo wa mawaya pakhosi pa njinga, pansi pa thanki ndi pansi pa mpando. Nambala ikamadumphadumpha, pali waya wosupuka amene akukhudza felemu. Keliyala yowotcherera yonyamulira matumba ndi makireti imakonda kupana mawaya opita ku laiti yakumbuyo.

Mulibe mita? Lumikizani kababu kakang'ono ka mavolti 12, ka pa geji ya liwiro, pamalo omwewo pakati pa mutu wa negetivi ndi waya wake. Kakayaka kiyi ali wotseka, moto ukuthawa kwambiri. Moto wochepa sikauonetsa.

Chilichonse chowonjezera chitenge moto ku waya wodutsa pa kiyi, chikhale ndi fyuzi yakeyake, kuti kiyi akatsekedwa chizime. Ndipo popita kowotcherera keliyala kapena sitandi, masulani batire, zulani pulagi ya CDI ndi ya rekitifaya, wowotchererayo aike ethi yake pafupi ndi pomwe akuwotcherera. Marekitifaya ambiri amafera pamenepo, vuto n'kudzaonekera patapita masiku.

Kutentha, madzi ndi batire latsopano

Mu Okutobala ndi Novembala ku Ngabu, Nchalo ndi Nsanje kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo pansi pa chivundikiro cha njinga yoima padzuwa pamatentha kuposa apo. Batire la asidi limakonda madigiri 25, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10 n'kukhalitsa, moyo wake umadulidwa theka. Batire la kuno silingakhalitse ngati la ku Thyolo kapena ku Dedza, ngakhale likhale la mtundu womwewo. Limataya moto palokha msanga, ndipo madzi ake amauma msanga. Imikani pamthunzi. Nyengo yotentha yang'anani madzi masabata awiri alionse, akhale pakati pa mizere iwiri ya pa batire m'zipinda zonse zisanu ndi chimodzi, njinga itaima chilili. Mbale zikakhala pamtunda zimauma n'kuchita zoyera, ndipo gawo limenelo silibwereranso.

Thirani madzi a batire okha, aja ogulitsidwa m'mabotolo m'mashopu a zida za galimoto. Mijigo yambiri ya m'chigwa muno imatulutsa madzi amchere, ndipo mchere ndi chitsulo cha m'madzi amenewo zimawononga mbale n'kuchititsa batire kudzidya lokha. Kuwiritsa sikuchotsa mchere, kumauwonjezera mphamvu. Asidi musawonjezere: chimauma ndi madzi, asidi amatsala momwemo. Pokhapokha ngati watayika, monga njinga ikagwa kapena ikagonekedwa m'bwato powoloka Shire, ndi pamene pamafunika wodziwa ayeze ndi kubwezeretsa. Amene amawoloka kawirikawiri, kapena amene sakumbukira za madzi, batire losatseguka liwachitira bwino, koma limeneli silipirira kutchajidwa mopitirira, choncho rekitifaya iyambe yayezedwa.

Batire limangidwe ndi lamba wake ndi kalabala pansi, lisamagunde m'bokosi, chifukwa kugwedezeka kumagwetsa zokutira mbale, zimaunjikana pansi n'kupanga shoti. Kapaipi kotulutsa mpweya kakhale kosapindika, kaloze pansi kutali ndi tcheni. Asidi akakudontherani pakhungu kapena m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15, ndipo za m'maso zikaonedwe kuchipatala. Polizitsa njinga ndi batire la galimoto, injini ya galimotoyo ikhale yozima.

Mukatsimikiza kuti batire ndi lakufa ndipo njinga ikutchaja pakati pa 13.5 ndi 14.5, gulani la nambala yofanana ndi lakalelo, monga 12N5-3B, 12N7-3B kapena YTX7A-BS, poona Ah, kukula kwake, ndi mbali yomwe kuli pozitivi. Batire louma lothiridwa asidi pogula lisakwere njinga nthawi yomweyo. Chotsani kachitsekero ka pa bowo la mpweya ngati ndi lotseguka, thirani asidi wake, lisiyeni mphindi 30 mpaka ola kuti mbale zimwe, kenako litchajeni pa moto wochepa uja mpaka lidzaze. Lomwe lathiridwa asidi pa kauntala n'kulizitsa njinga pompo limayamba ntchito lisanadzaze, ndipo silidzafikanso pa mphamvu yake yonse. Losatseguka likatsekedwa ndi chitsekero chake chachitali, chisadzatsegulidwenso. Ngati m'shopu akukupatsani lothiridwa kale, liyezeni musanalipire: pansi pa 12.4 ndiye kuti lakhalitsa pa shelefu m'chitungu, sankhani lina. Lakalelo lili ndi mtovu ndi asidi, lisatayidwe kudzala kapena pafupi ndi chitsime, ndipo ana asaliphwanye. Perekani kwa ogula mabatire akutha lili lotseka, osakhuthula asidi pansi.